Mutu 6: Hellen Apita Kukamanga Mvula

1. Kunacha kotentha

Loweruka limenelo kunacha kotentha ngati usiku sunadutsepo. Mphepo inali itaima. Nkhuku zinkayenda zitatsegula milomo.

Linali tsiku lodalitsa chiliza cha mayi Scholastica, amene anamwalira chaka chapitacho, kusiya ana awiri, Elliam ndi mlongo wake wamng'ono Hellen. Abale anali atayamba kale kufika. Ena anatsika pa kabaza kuchokera ku Nselema, ena anabwera pa lole ya amalume a anawo, a Ambrose, amene ankagulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Balaka. A Ambrose ndiwo anali mwinimbumba, ndipo chilizacho anamangitsa ndi iwo.

Elliam ankasenza mabenchi kuchokera ku tchalitchi. Ntchito zotere ndi zimene ankapatsidwa masiku amenewo. Mayi ake atamwalira, iye anali m'chaka chachiwiri ku koleji ya uphunzitsi. Anabwererako maliro atatha, koma mabuku anamukana. Ankangokhala m'kalasi maso ali pakhoma. Mayeso asanafike analongedza chikwama n'kubwera kumudzi. M'mudzi mwawomo, kwa Mposa, anthu sanamufunse zambiri. Anangomupatsa dzina lakuti Aphunzitsi, ndipo ankalitchula akumwetulira.

Atatula benchi lina, anamva akuitanidwa kuseri kwa mpanda. Anali Che Yunusu, nkhalamba ya nyumba yoyandikana ndi yawo. M'mamawa anali atabwera kudzazinga mbuzi ya pamwambowo kuti Asilamu nawonso adye nawo. Iwo ndiwo ankatsogolera komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, ndipo mauthenga a zanyengo ankafikira pa foni yawo. Maso awo anali atafooka, choncho Elliam ndiye ankawawerengera.

Uthenga wa tsiku limenelo unali waufupi. Unkanena kuti kuyambira masana, madera a Machinga, Balaka ndi Zomba ayembekezere mvula yamabingu, matalala ndi mphepo yamkuntho, mwinanso kamvuluvulu wamphamvu wotha kusasula nyumba. Anthu asakhale poyera.

Che Yunusu anamuuza kuti awerengenso. Elliam anawerenganso.

2. Chenjezo la Che Yunusu

"Khala pansi, mwanangu, undimvere," anatero Che Yunusu. "Anthu a zanyengowa sachita kulota. Ali ndi zida zoyezera kutentha ndi chinyontho cha mumpweya. Ali ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba, zoonetsa kumene mitambo ikusonkhana. Akaona kuti pansi patentha masiku angapo, kenaka kukubwera mpweya wachinyontho, amadziwa kuti ziwirizi zikakumana sizisiyana mwamtendere. Sangakuuze kuti mphenzi igwa pa nyumba ya uje. Amangokuuza dera ndi nthawi. Nthawi zina chenjezo limabwera, mvula n'kudutsa kwina, anthu n'kutiseka. Aziseka. Ine ndimalola kusekedwa ndi anthu amoyo."

Analoza ku phiri la Chikala ndi ndodo yawo.

"Taona mtambo uwo. Ukukwera ngati chulu. Ukafika pamwamba n'kuphwasuka mutu ngati bowa, pansi pake n'kuda, mphepo yozizira n'kuwomba mwadzidzidzi, udziwe kuti yafika. Ukamva bingu, ngakhale lakutali, mphenzi ikhoza kukupeza pamene ulipo. Lowa m'nyumba ya njerwa, ukhale pakati, kutali ndi zitseko ndi mawindo. Usabisale pansi pa mtengo. Usaime pamalo okwera, kapena poyera pamene wamtali ndiwe wekha. Khasu, nkhwangwa, njinga, zisiye pansi uchokepo. Denga likayamba kusasuka usalikangamire, malata tidzapeza ena. Ukaona kamvuluvulu wakuda wotsika kuchokera ku mtambo, ameneyo si uja wa fumbi amathamangitsa ana ayi. Ngati nyumba ili kutali, gona m'ngalande chafufumimba, manja kumutu. Bingu lomaliza likalira, dikirabe theka la ola usanatuluke. Ndipo munthu akagwetsedwa ndi mphenzi, musamuthawe. Sakhala ndi moto m'thupi. Munyamuleni."

Elliam anayankha kuti zonsezi ankazidziwa, anaziphunzira.

Che Yunusu anati sakukayika. Chimene ankafuna sichinali choti adziwe, koma choti akanene. Mwambo wa kumanda unali woti uchitike masana, katekisiti akafika. Manda a m'mudzimo anali pansi pa mitengo italiitali, yokhayo imene nkhwangwa zinaisiya. Iwo anapempha kuti Elliam akauze amalume ake atumize njinga ikatenge katekisiti msanga, mwambo uthe dzuwa lisanafike paliwombo. Zikakanika, apempherere m'tchalitchi, kumanda adzapite mawa.

"Bwanji osawauza nokha?" anafunsa Elliam.

"Manda ndi anu, pemphero ndi lanu. Ine Msilamu ndikanena kuti sinthani, zimveka zina. Iwe ndi mwana wa malemu. Komanso ndili ndi midzi ina yoti ndikaichenjeze, ndi asodzi a ku dooko la kunyanja."

Anamangirira chimkuzamawu kumbuyo kwa njinga. Asanakwere anamuyang'ananso.

"Ukanenatu?"

"Ndikanena."

3. Pakhonde

A Ambrose anali pakhonde ndi azilamu awo ndi alendo ena a ku Balaka, akumwa thobwa. Ankafotokoza za chiliza: kuti simenti anachita kusankha okha, kuti mmisiri wolemba dzina anamutenga kutauni, kuti m'manda monse mulibe china chofanana nacho. Analidi atachita zazikulu. Mlongo wawo ankamukonda, ndipo chikondi chawo chinkafuna anthu ochiona.

Elliam anagwada chapatali, n'kudikira kuti amalize.

"Aphunzitsi afika," anatero a Ambrose. "Imirirani ana inu, mupereke moni."

Pakhonde panamveka kuseka. Mlamu wina anafunsa ngati mnyamatayu ndi uja anathawa koleji. A Ambrose anati iyayi, sanathawe, anangomaliza msanga kuposa anzake. Anawonjezera kuti pa chiliza chonsecho panalibe njerwa yake ngakhale imodzi, koma mabenchi ankasenza bwino.

Kenaka anamufunsa chimene anabwerera.

"Amalume, Che Yunusu akuti..."

Anthu onse anali akumuyang'ana. Mlamu uja anali atagwira chikho m'malere, akudikira china choti aseke.

"Akuti chiyani?"

"Akuti athokoze chifukwa cha nyama ija."

A Ambrose anati nkhalambayo ndi yaulemu. Anamuuza kuti akamalize mabenchi, ndipo akasambe, asakachititse manyazi mayi ake pamaso pa alendo.

Elliam anadzuka, n'kupukuta fumbi m'maondo. Anamaliza mabenchi. Anasamba.

4. Khasu

Katekisiti anafika dzuwa litapendeka kale. Nthawi imeneyo mtambo wa ku Chikala unali utaphwasuka mutu. Pansi pake panali patada ngati m'kati mwa mphika. Amayi anayamba kunong'onezana, akuyang'ana kumwamba.

A Ambrose nawonso anauona. Anati palibe chodetsa nkhawa, mvula imangidwa.

Ku mtundu kwawo kunali mwambo wake. Pakakhala ukwati kapena maliro m'nyengo ya mvula, mzime, mwana wotsiriza kubadwa, ankatenga khasu n'kukaima pamalo okwera, akuloza khasulo kumene mitambo ikuchokera. Sankaloledwa kulankhula, kumwa madzi kapena kuchokapo mpaka anthu atamaliza. Ankati mvula imamvera mzime chifukwa ndiye anatseka mimba ya mayi ake. Katekisiti ankadziwa za mwambowu, koma ankasankha kuyang'ana m'buku lake.

Mzime wa mayi Scholastica anali Hellen.

Anatuluka m'nyumba atavala diresi loyera la kwaya, ndi nsapato zimene anazisungira tsiku limeneli. Anali mtsikana wa Fomu 1, wowonda, wa mano a mayi ake. Chaka chonse anthu ankangomuuza kuti asalire. Lero lokha anamupatsa chochita, ndipo nkhope yake inkaoneka kuti yakondwa.

"Achimwene, ndinyamulireni khasu. Lindidetsa diresi."

Elliam analinyamula. Linali khasu la mayi awo, la mpini wosalala chifukwa cha manja. Anadutsa m'munda wopanga kale mizere, kulunjika pa chulu chachikulu chimene chinali pakati pa munda, moyang'anizana ndi manda. Pafupi ndi chulucho panali mtengo umodzi wautali wa mgwalangwa.

M'njira Hellen ankamuseka. Anati lero mvula imvera iye wa Fomu 1, a koleji akhale pansi aonere. Anafunsa ngati mayi awo adzamuone ali pachulupo. Elliam anati mwina. Anafunsanso ngati angamusungire chiwindi, chifukwa akamadzabwerako amayi a kukhitchini adzakhala atamaliza. Elliam anati amusungira.

Atafika, Hellen anakwera. Anatambasula manja kuti alandire khasu.

"Hellen, ukamva bingu uthawe."

"Amalume anati ndisachoke mpaka nyimbo yomaliza."

"Ndikuti ukamva..."

"Mukuopa mabingu, achimwene? Mwayamba liti?"

Kumanda anthu anali atayamba kuitana dzina la Elliam. Ankafuna mwana wamkulu wa malemu adzagwire nsalu yophimba chiliza. Elliam anayang'ana kumandako, anayang'ana mlongo wake, n'kumupatsa khasu m'manja.

Hellen analikweza, n'kutseka pakamwa mwamphamvu ngati mwana amene wabisa siwiti. Ndi maso anamuuza kuti azipita.

Anapita.

5. Kumanda

Nyimbo yoyamba inatha bwino. Katekisiti anawerenga mawu, anawaza madzi odalitsa. Elliam ndi amalume ake anagwira nsalu uku ndi uku n'kuichotsa. Dzina la mayi ake linaoneka, zilembo zoyera pa mwala wakuda. Amayi ena analira, ena anawomba m'manja pang'onopang'ono.

Bingu loyamba linalira katekisiti ali pakati pa pemphero. Linali lakutali. A Ambrose anatembenuka, anaona kadontho koyera pachulu, n'kugwedeza mutu mokhutira.

Kenaka kunabwera mphepo yozizira. Inadutsa m'mitengo ya kumanda, masamba ouma n'kugwera pa chiliza chatsopano. Kunada ngati madzulo. Bingu lachiwiri linachita kugwedeza pansi, ndipo matalala anayamba kugwa, kumenya mitu ndi mapewa. Anthu anasiya nyimbo, n'kuthamangira m'tsinde mwa mitengo ikuluikulu, kukumbatira makungwa.

Apo ndi pamene mawu a Elliam anatuluka.

"Chokani pansi pa mitengo! Thawirani ku tchalitchi!"

Anakoka amayi awiri pa mkono. Anakankha mlamu wa amalume uja. Ena anamvera chifukwa cha mawu ake, ena chifukwa nthambi yaikulu inathyoka n'kugwera pa benchi limene anali atangochokapo. Gulu lonse linakhamukira ku tchalitchi.

Elliam anathamangira kumunda.

Mizere inali itasanduka matope. Ankaterereka, kugwa, kudzuka. Kutsogolo ankaona Hellen ali chiimire pachulu, diresi litamatirira m'thupi, khasu lidakali m'mwamba. Anakuwa kuti alitaye. Mphepo inabweza mawu ake. Anakuwanso. Hellen anamuona, n'kupukusa mutu. Nyimbo yomaliza inali isanaimbidwe.

Kuwala kunabwera pamodzi ndi phokoso. Elliam anapezeka ali pansi, m'kamwa muli dothi. Atadzutsa mutu, mgwalangwa uja unali utang'ambika kuyambira kumutu, ukufuka utsi mumvula. Pachulu panalibe munthu.

Anamupeza kuseri kwa chulu, atagona chammbali, maso otseka. Nsapato imodzi inali itavuka. Khasu linali patali.

Anyamata awiri amene anamutsatira anaima chapatali. Mmodzi anati asamugwire, munthu wa mphenzi sagwidwa, moto umalumphira. Elliam anamuyandikira. Anagwada, n'kuika tsaya lake pafupi ndi mphuno ya mlongo wake. Mpweya unkatuluka. Anamunyamula.

Asanayende patali anamva mkokomo ngati wa sitima ya katundu ikamalowa pa siteshoni ya Balaka. Kuchokera kudambo kunkabwera chinthu chakuda, chopota, mutu uli m'mitambo, mchira ukukwekwereza pansi. M'kati mwake munkazungulira udzu, nthambi ndi malata.

Tchalitchi linali kutali. Elliam anauza anyamata aja kuti agone m'ngalande ya m'mphepete mwa munda. Iye anatsitsiramo Hellen, n'kumuphimba ndi thupi lake, manja atakuta mitu yawo. Madzi amatope ankadutsa m'khosi mwake. Lata lina linauluka pamwamba pawo likulira, n'kukazikika m'munda. Mkokomo unakula, unakula, kenaka unayamba kuchepa, kulowera chakumpoto.

Anamunyamulanso mpaka ku nyumba ya njerwa yoyamba imene anaipeza, ndipo anadikira m'menemo mpaka mabingu atasiya.

6. Kuchipatala

Lole ya a Ambrose sinathe kudutsa chifukwa mitengo inali itagwera mumsewu. Hellen anamutengera pa njinga yamoto, atamuika pakati, Elliam atamugwira kumbuyo. M'njira anadutsa nyumba zopanda madenga, nkhokwe zogubuduzika, amayi akutola ziwiya m'matope. M'midzi imene Che Yunusu anadutsamo ndi chimkuzamawu, anthu ankatuluka m'sukulu ndi mumzikiti atanyamula ana awo, onyowa koma athunthu.

Pa chipatala chaching'ono cha m'deralo namwino anamuyeza, anamumanga mabala a kumapazi. Anati mtsikanayu ali ndi mwayi, mphenzi inagwa pa mtengo, iye inangomupeza kudzera m'nthaka. Mtima unkagunda bwino. Koma m'khutu limodzi munkatuluka magazi pang'ono, ndipo za makutu anati sangalonjeze kanthu. Mawa apite naye ku chipatala chachikulu ku Liwonde. Anafunsa chimene mwana ankachita pachulu mvula yotere. Elliam anayang'ana pansi. Namwinoyo sanafunsenso.

Dzuwa linatulukanso pang'ono lisanalowe, ngati silinaone kanthu. Kuwala kwake kunagwera pa bedi, ndipo Hellen anatsegula maso.

Anayang'ana denga, anayang'ana mapazi ake, kenaka anapeza nkhope ya mchimwene wake. Atalankhula, mawu anatuluka okwera kwambiri, ngati a munthu amene akuitana wina kutsidya la mtsinje.

"Achimwene, sindinamwe madzi. Muwauze amalume. Sindinalankhulenso. Khasu sindinatsitse."

Elliam anamugwira dzanja.

"Mwina madzi a mvula analowa m'kamwa. Koma sindinameze dala." Misozi inayamba kutsika. "Ndawononga mwambo wa amayi eti?"

"Iyayi, Hellen."

"Anthu akuti chiyani? Akuti ndine?"

Elliam anakokera mpando pafupi. Anayamba motsitsa mawu, kenaka mawuwo anakwera okha. Anamuuza kuti palibe mzime amene angamange mtambo ngati uja. Anamuuza kuti chenjezo linafika m'mawa pa foni ya Che Yunusu, ndipo anawerenga ndi iye, kawiri. Anatumidwa kukauza amalume kuti mwambo uchitike msanga, anafika mpaka pakhonde, anagwada, n'kunena za nyama. Ankadziwa za chulu, za mtengo, za khasu, zonse, ndipo khasulo ananyamula yekha n'kumupatsa m'manja, chifukwa ankaopa kusekedwa ndi anthu akumwa thobwa.

Hellen ankayang'ana milomo yake mosaphethira. Atamaliza, mtsikanayo anakweza dzanja n'kugwira khutu lake, kenaka linalo.

"Mukuti chiyani, achimwene? Kwezani mawu. Muli phokoso muno."

M'chipindamo munali zii.

Kumbuyo kwa Elliam kunamveka kukhosomola. Anatembenuka. A Ambrose anali ataima pakhomo, buluku lili matope mpaka m'maondo, atayenda wapansi kuchokera kumudzi. Nkhope yawo inali yotuwa. Anayang'ana mwana wa mlongo wawo pabedi kwa nthawi yaitali, kenaka analowa, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

"Bwereza," anatero. "Ine makutu anga akumva."